Ine ndili kuno, mwana wanga msilikali ali ku Korea: tivota bwanji pa chisankho cha ku America?

Nachisale analemba:

Abale anga amene muli ndi unzika wa America koma mukukhala kunja, ndi inu amene muli ndi ana ku usilikali wa dzikolo, ndithandizeniko. Chisankho cha aphungu chilipo pa 3 Novembala 2026, ndipo pabanja pathu tilipo atatu amene tikusowa poyambira.

Woyamba ndine. Ndinakhala ku South Bend, m'state ya Indiana, kwa zaka zambiri ndikugwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo unzika ndinalumbirira komweko. Chilumbirireni sindinajombepo kuvota. Ndinkapita ndikangoweruka ntchito ya usiku, yunifolomu ili m'thupi, maso ali psuu ndi tulo, koma ndinkaima pamzere mpaka nditaponya. Chaka chatha ndinabwerera ku Malawi kudzadwazika mayi anga, ndipo za tsiku lobwerera ku America sindikuziganiza n'komwe pakali pano. Nyumba imene ndinkachita lendi ndinabweza makiyi, mukukhala anthu ena. Ndiye kodi munthu wopanda adiresi ku America amavota? Wina wandiuza kuti tsikulo ndidzangotenga pasipoti n'kupita ku ofesi ya kazembe ku Lilongwe, kuti kumakhala bokosi. Wina akuti ndisayerekeze, chifukwa ndikangovota a Indiana ayamba kundilipiritsa msonkho ngati ndikukhala komweko.

Wachiwiri ndi mwana wanga wamwamuna, ndipo ndiye amene wandisowetsa tulo. Analowa usilikali ali ku Indiana, kenako anamutumiza ku Fort Bliss ku Texas, ndipo pano ali ku Camp Humphreys ku South Korea. Nditamufunsa pafoni ngati walembetsa, anangoti, “Amayi, ine sindikudziwanso kuti kwathu n'kuti, Indiana kapena Texas. Zisiyeni izo.” Mawu amenewa anandilasa mtima. Amene akasankhidwe mu Novembala ndi omwewo amavomereza ndalama za asilikali, malipiro ake, chipatala chake, ngakhalenso nkhondo imene angamutumizeko. Iyeyo angakhale bwanji chete pa nkhani yotere?

Wachitatu ndi mtengwa wanga. Ali naye limodzi ku Korea, koma iye ali ndi green card, chilolezo chokhala ku America mokhazikika, unzika sanatenge. Akuti popeza ndi mkazi wa msilikali, mwina lamulo limamulola. Ine ndikukayika.

Sajeni wopuma analemba:

Mayi Nachisale, ine ndiyankha za mnyamatayo, chifukwa ndinavalapo yunifolomu yomweyo ndipo ndinavotapo ndili kunja.

Lamulo limene limamuteteza ndi la 1986, limene anasayina Ronald Reagan, ndipo aliyense amangolitchula mwachidule kuti UOCAVA. Limakhudza asilikali onse amene ali pantchito kutali ndi kumene amavotera, akazi kapena amuna awo ndi ana awo amene ndi nzika zofika zaka 18, komanso nzika wamba zimene zikukhala kunja ngati inuyo. Ofesi imene imayendetsa zimenezi ndi FVAP, ili pansi pa unduna wa zachitetezo, ndipo mafomu onse ali pa fvap.gov kwaulere.

Tsono funso lake loti kwawo n'kuti. Msilikali sataya kwawo chifukwa boma lamusamutsa. Akanangokhala ku Texas chifukwa cha ntchito basi, osasintha kanthu, kwawo kovotera kukanakhalabe Indiana, pa adiresi imene anachokera polowa usilikali, ngakhale inu munachokamo m'nyumbamo. Koma anyamata ambiri akafika ku Texas amasintha dala, chifukwa Texas sidula msonkho wa state pa malipiro. Amadzaza fomu ya DD 2058 ku ofesi ya malipiro, n'kutenganso laisensi yoyendetsera galimoto ya komweko, zaka zikapita n'kuiwala kuti anachita zimenezo. Muuzeni atsegule pepala lake la malipiro la mwezi ndi mwezi, limene timalitcha LES. Pali kabokosi ka msonkho wa state, ndipo m'menemo mwalembedwa zilembo ziwiri, IN kapena TX. Ayambire pamenepo. Ngati zikusemphana ndi laisensi yake, apite kwa maloya a pakampu, samulipiritsa kanthu. Chachikulu n'chakuti avotere state imodzi yokha.

Kusiyanaku si kwa dzina lokha. Chaka chino mipando yonse 435 ya House, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo za America, ikupikisanidwa, koma ya nyumba inayo, Senate, si state iliyonse. Texas ili ndi mpando wa Senate pa pepala lovotera, Indiana ilibe. Kabwezedwe ka voti nakonso n'kosiyana. Ku Texas voti yodzaza imabwerera pa positi, kupatula asilikali amene ali kumalo ankhondo amene amaloledwa kutumiza pa fakisi. Korea siili m'gulu limenelo.

Akadziwa state yake adzaze fomu imodzi yokha, FPCA. Fomu imeneyi imagwira ntchito ziwiri pakamodzi: imamulembetsa m'kaundula ndipo imapempha kuti amutumizire pepala lovotera. Alembepo adiresi ya ku America yovotera, adiresi yake ya positi ya asilikali (APO) kumene makalata amamupeza, nambala ya laisensi kapena manambala anayi omaliza a nambala yake ya Social Security (thumba la penshoni la boma), ndipo asankhe kuti pepalalo libwere pa imelo. Asaiwale kusayina. Mafomu ambiri amene ndinawaona akubwezedwa, vuto linali siginecha basi.

Gulu lililonse la asilikali lili ndi munthu amene anapatsidwa ntchito yothandiza anzake kuvota, Voting Assistance Officer, ndipo kampu yaikulu ngati Humphreys ili ndi ofesi yakeyake. Dzina la munthuyo limakhala pa bolodi, kungoti anyamata amalidutsa osaliwerenga. Ntchito yake ndi mafomu ndi masiku okha. Lamulo limaletsa mkulu aliyense wa asilikali kugwiritsa ntchito udindo wake pouza wapansi pake woti amuvotere. Potumiza voti, akapite ku positi ya pakampu. Sagula sitampa, ndipo nthawi ya chisankho chachikulu amamata kalebulo ka 11-DoD kamene kamafulumizitsa kalatayo ndi kumupatsa nambala yoilondolera. Kachidutswa kokhala ndi nambalayo ndinkakasunga m'chikwama changa mpaka nditaona kuti envelopu yafika.

Mumuuzenso ichi, chochokera kwa msilikali mnzake. Mu 1864, nkhondo yapachiweniweni ili mkati, asilikali anavotera m'misasa pa chisankho chimene Abraham Lincoln anapambana kachiwiri. Mu 1971, nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam, msinkhu wovotera unatsitsidwa kuchoka pa zaka 21 kufika pa 18, chifukwa anthu anakana zoti mnyamata azitumizidwa kukafa koma osaloledwa kusankha omutumawo. Ufulu umene akuti tiusiyewo anaumenyera ndi anyamata a msinkhu wake.

Mayi a Chikondi analemba:

Achemwali, pepani ndi matenda a mayi, Mulungu awakhudze. Ine ndikukhala ku Lusaka ndipo ndakhala ndikuvotera Colorado ndili konkuno, ndiye za inuyo ndikuuzani zimene ndimachita.

Poyamba chotsani m'mutu za bokosi la ku kazembe. America sichititsa chisankho m'maofesi a akazembe. Mukadzapita pa 3 Novembala ndi pasipoti m'manja, mudzabwerera osavota, ndipo nthawi yokonza idzakhala itatha. Chisankho cha ku America chimayendetsedwa ndi ma state, ndipo amene amasunga dzina lanu ndi kuwerenga voti yanu ndi ofesi ya chisankho ya county yanu, kutanthauza chigawo chanu mkati mwa state. Kwa inu ndi St. Joseph County, mmene muli South Bend. Chimene a kazembe amachita n'kulandira envelopu yanu yomata kale n'kuitumiza ku America m'thumba lawo la makalata a boma. Envelopuyo iyenera kukhala ndi sitampa za America, kapena mupulinte ija yosalipira imene ili pa fvap.gov. Njira imeneyi imatenga masabata, si ya munthu wochedwa.

Za adiresi musadandaule. Mumavotera pa adiresi yomaliza imene munakhalapo musanatuluke m'dzikolo. Kaya munkachita lendi, kaya mukukhala anthu ena, kaya nyumbayo anaigumula, zilibe kanthu. Adiresi imeneyo ntchito yake n'kungosonyeza dera limene voti yanu iwerengedwere. Palibe kalata imene idzapite kumeneko. Pa FPCA pali malo awiri osiyana, ena a adiresi yakaleyo, ena a kumene muli pano. Musalembe adiresi ya mnzanu wa ku Chicago kapena ya m'bale wa ku state ina poganiza kuti ndiye yooneka bwino. Kutero n'kulembetsa kumene simunakhaleko.

Pa fomupo mupezanso funso limene limaimitsa anthu ambiri, cholembera chili m'mwamba. Amafunsa ngati mukufuna kudzabwerera ku America, kapena ngati za kubwerera kwanu sizikudziwika. Yankhani zoona za mumtima mwanu. Yankholo ndi limene ma state ambiri amaonera kuti akutumizireni pepala lonse, lokhala ndi mipando ya state ndi ya county, kapena la mipando ya boma lalikulu yokha, kutanthauza Pulezidenti, Senate ndi House. Apa ndi pamene pakulowa nkhani ya msonkho imene anakuopsezani nayo. Lamulo la 1986 lija limanena momveka kuti kuvotera mipando ya boma lalikulu sikusintha kanthu pa nkhani ya kumene mumawerengedwa kuti mumakhala pa za msonkho. Chimene chingadzutse funso m'ma state ena ndi kuvotera mipando ya state ndi ya county. Ngati zimenezo zikukudetsani nkhawa, voterani ya boma lalikulu yokha mtima uli m'malo. Fomu ya msonkho ya boma lalikulu ndi nkhani ina, imeneyo imatsata unzika ndi ndalama zimene munthu amapeza, kaya wavota kaya sanavote.

Tsopano masiku. Lamulo lina la 2009, la MOVE, limalamula kuti amene anapempha nthawi ilipo atumiziridwe pepala lovotera kutatsala masiku 45. Chaka chino tsikulo ndi 19 Seputembala. Lamulo lomwelo linalamula kuti state iliyonse ikhale ndi njira yotumizira pepala losadzaza pa intaneti, ndipo linathetsa zoti voti ikanidwe chifukwa sinadindidwe ndi notary, munthu wovomerezeka wotsimikizira masiginecha. Ine FPCA ndimatumiza Januwale aliyense, ngakhale dzina langa lili kale m'kaundula, chifukwa m'ma state ambiri pempho la pepala lovotera limatha ndi chaka. Anthu ambiri amagwa pamenepa. Amati ndinalembetsa kale, n'kumadikira imelo imene sidzabwera. Mukatumiza, pakapita sabata kapena awiri lemberani a ku county kuti akutsimikizireni kuti alandira. Amayankha ndithu.

Mwayi wanu ndi woti Indiana, monga Colorado, imalandira voti yodzaza pa imelo kapena fakisi. Mumapulinta, kudzaza ndi cholembera, kusayina, kusikana, n'kutumiza. Koma dziwani kuti mumasayinanso kapepala kovomereza kuti voti yanu sikhala yachinsinsi kotheratu, chifukwa wotsegula imeloyo aiona. Ineyo ndinavomera, poona kutalika kwa njira ya positi. Ena safuna, ndipo ndimawamvetsa. Ngati mukapulintira pa kompyuta ya anthu ambiri, mufufute zonse musanachoke, chifukwa pamapepalapo pali tsiku lanu lobadwa ndi manambala anu.

Pepala likapanda kufika kutatsala mwezi umodzi, pali lina lapadera lotchedwa FWAB, limene mumalembapo nokha dzina la munthu kapena chipani chimene mukufuna. Lenileni likabwera mochedwa, mudzazenso n'kutumiza, iwo amawerenga limodzi lokha. Zimenezi mumuuzenso mwana wanu, makamaka ngati ku Texas ndiye kwawo, poti iye njira yake ndi ya positi.

Achimwene a ku Indianapolis analemba:

Mayi, za mtengwa wanu ndiye ndikupemphani mumuimbire lero lomwe. Asalembetse, asavote, asadzaze FPCA. Kukhala mkazi wa msilikali sikumupatsa voti. Lamulo limathandiza mabanja a asilikali amene ndi nzika kale. Ngakhale msilikali weniweni amene ali ndi green card savota mpaka atalumbira.

Chiyambire 1996, munthu amene si nzika akavota pa chisankho cha boma lalikulu ndi mlandu, ndipo akhoza kuthamangitsidwa m'dziko. Kungochonga bokosi lonena kuti ndine nzika pamene si nzika, nakonso kumawononga. Pa fomu yopempha unzika, N-400, amafunsa ngati unalembetsapo kapena kuvotapo, ndipo zolembedwa m'kaundula sizibisika. Achenjerenso akadzabwerera ku America n'kupita kokatenga laisensi, chifukwa kumeneko amafunsa ngati ukufuna kulembetsa kuvota. Munthu wotopa ndi mzere amangodina kuti inde osawerenga. Ndikudziwa banja limene linavutika zaka chifukwa cha kudina kamodzi kotereku.

Njira yabwino ilipo. Wokwatiwa ndi nzika amatha kupempha unzika akakwanitsa zaka zitatu ali ndi green card, osati zisanu, ndipo mkazi wa msilikali amene ali naye kunja movomerezeka ndi boma akhoza kuchita zonse, mpaka kulumbira, ali kunja komweko. Akafunse kwa maloya a pakampu amene a Sajeni atchula aja. Mwachita bwino kufunsa musanachite kanthu, safunsa anadya phula.

Wongodutsa analemba:

Ndifunseko mosanyoza. Za msilikali ndikuvomereza, iye sanachoke mwa kufuna kwake. Koma munthu amene anasamuka yekha, misewu ya ku Indiana sayendamo, zipatala zake sapitako, n'chifukwa chiyani azisankhira atsogoleri anthu amene atsala kumeneko? Komanso voti imodzi yochokera kutali chonchi isintha chiyani? A FVAP omwewo amati mwa nzika pafupifupi 3 miliyoni zakunja zofika msinkhu wovota, mu 2020 zimene zinavota sizinakwane 8 pa 100 zilizonse. Eni akewo akuoneka kuti alibe nazo ntchito.

Nachisale analemba:

Zikomo nonse, mwandimasula. A Sajeni, uthenga wanu ndamutumizira mnyamatayo momwe ulili, osachotsa liwu. Wayang'ana pepala la malipiro lija ndipo palembedwa TX. Akuti anasinthadi atangofika ku Fort Bliss, atalangizidwa ndi anzake. Ndiye iye ndi wa Texas, ine wa Indiana, mayi ndi mwana mapepala osiyana. Mtengwa wanga ndalankhula naye, wamva, ndipo akuti za unzika ayamba kufunsa.

A Wongodutsa, funso lanu si lachipongwe ndipo ndikuyankhani momwe ndikuonera. Za misewu ndi zipatala za ku Indiana mukunena zoona, n'chifukwa chake ineyo ndasankha kuvotera mipando ya boma lalikulu yokha. Woyang'anira misewu ya ku St. Joseph County asankhidwe ndi amene akuyendamo. Koma boma lalikulu silinandisiye pamene ndinakwera ndege. America imafuna fomu ya msonkho kwa nzika zake kulikonse kumene zili. Ndalama za Social Security zimene ankandidula mwezi ndi mwezi, pa maola onse amene ndinanyamula ndi kusambitsa makolo a eni ake, tsogolo lake lili m'manja mwa aphungu omwewa. Malamulo a ma visa amene anganene ngati mchemwali wanga angakaone mdzukulu, amapanga ndi iwowa. Ndipo mwana wanga akugona mtunda wosakwana makilomita 100 kuchokera kumalire a North Korea chifukwa cha mfundo zimene amagwirizana ku Washington. Ndingakhale bwanji mlendo pa zimenezi?

Za kuchepa kwa ovota, ine sindikuona ngati n'kusafuna kokha. Taonani ineyo, munthu amene sindinajombepo, ndinatsala pang'ono kudikira Novembala kuti ndikafune bokosi kumene kulibe. Mwana wanga anagwa ulesi chifukwa cha funso limodzi limene yankho lake linali pa pepala la malipiro. Anthu otere alipo ambiri, ndipo powerenga amaikidwa m'gulu la osafuna. Kunena za voti imodzi, mu 2000 ndinali ndili kale ku America. Tinakhala masabata asanu osadziwa Pulezidenti, ndipo Florida inatha ndi kusiyana kwa mavoti 537 pakati pa George W. Bush ndi Al Gore. Maenvelopu ochokera kunja, ambiri a asilikali, maloya ankakanganirana imodziimodzi, ina chifukwa inalibe chidindo cha positi. Amene anaona zimenezo sanganene kuti envelopu yochokera kutali ilibe ntchito.

Mayi a Chikondi, katsala kafunso kamodzi. Laisensi yanga ya Indiana inatha mphamvu, ndipo siginecha yanga yasintha chifukwa cha nyamakazi ya m'zala. Zimenezi sizingandikanitse?

Mayi a Chikondi analemba:

Laisensi isakuvuteni, pa FPCA pali malo olembapo manambala anayi omaliza a Social Security, lembani amenewo. Ndikanakhala ine ndikanalembanso nambala ya laisensi yakaleyo m'bokosi la zowonjezera, kuti apeze dzina lanu msanga m'kaundula wawo.

Za siginecha ndiye mwachita bwino kuzitchula, chifukwa amafananitsadi ya pa voti ndi imene ali nayo. FPCA yatsopanoyi musayine ndi dzanja lanu la lero, mmene mudzasayinire pa voti mu Seputembala, ndipo potumiza muwauze a ku county m'mawu awiri kuti dzanja lasintha chifukwa cha matenda. Ikani imelo imene mumatsegula tsiku ndi tsiku ndi nambala ya foni yoyamba ndi +265, kuti pakakhala chokayikitsa akupezeni nthawi isanathe. Kuyambira pa 19 Seputembala muziyang'ananso mu spam, langa linakagwera m'menemo ulendo wina.

Mnyamatayo, poti wapezeka wa Texas, alembe adiresi imene ankakhala ku El Paso, kumene kuli Fort Bliss, asanapite ku Korea, ngakhale ikhale ya pakampu, ndipo fomu yake ipite ku El Paso County. Pepala likangofika pa imelo apulinte tsiku lomwelo, adzaze, akaponye ku positi ya pakampu sabata lomwelo.